Wandevu Yekha Pamzere

Lolemba, 3 Malichi

Magetsi kulibe mpaka masana. Mitu iwiri yokha, umodzi wa mwana wolira. Mashini akale aja ayambanso kuluma anthu kuseri kwa khutu. Afunika mafuta.

Chakumadzulo Sajeni Dazi. Mutu wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe, koma sabata iliyonse ali pampando wanga, ati kukonza m'mbali. Ndimangoyendetsa mashini m'malere, iye n'kumatsinzina. Salipira, ndi boma. Polisi ili tsidya la msewu, khomo lawo kuyang'anana ndi langa, ndiye kukasowa kanthu kumeneko amayambira kwa ine: machesi, mpando, munthu.

Lero akufuna ziwiri. Choyamba, mawa ndikamete a m'chitokosi. Ati ndondomeko yatsopano ya boma, womangidwa naye ndi munthu, azioneka waukhondo. Komanso Lachisanu kukubwera alendo oyendera za ufulu wa anthu. Chachiwiri, mkuja ndikaime pamzere. Zachizolowezi. Akagwira munthu amamuika pakati pa ife osalakwa, wodandaula n'kubwera kudzaloza amene anamuchita chipongwe. Ndaimapo kambirimbiri. Umangoyang'ana khoma, ukatha botolo la zoziziritsa kukhosi. Setifiketi yanga ya Nzika Tcheru, ili pamwamba pa galasi, inachokera komweko. Mawa ndiipukute fumbi.

Lachiwiri, 4 Malichi

M'chitokosi. Fungo loti ngakhale sipiliti wanga anagonja. Ndameta onse mpala, mutu ndi chibwano chomwe, monga analamulira. Mmodzi wa jekete lakuda, ndevu ngati tsache. Waulemu kwambiri, anakhala phee. "Chotsani zonse achimwene, zimandiyabwa." Ndazichotsa zonse, ndamupakanso ndi mafuta.

Sajeni wayamikira. Ati alendo adzaona okha kuti ufulu wa anthu kuno ulipo.

Kunyumba mayi a mwana mwa nthawi zonse: "Mumameta dziko lonse, inu nokha kumaoneka ngati mneneri." Ndevu zangazi akhala akulimbana nazo chikwatirane. Ndawauza kuti wometa sadzimeta. Komanso zimandikhala.

Lachitatu, 5 Malichi

Tsoka silinunkhadi.

Mzere pakhonde la kuseri kwa polisi. Wowotcherera, onyamula katundu awiri a kumsika, mnzanga wogulitsa mayunitsi, ine. Pakati pathu woganiziridwa: Wajekete wa dzulo uja, chibwano see. Ntchito ya manja anga.

Wodandaula ndi amayi osoka a kuseri kwa tchalitchi. Ndimawadziwa, amabwera ndi mdzukulu wawo kudzameta. Wakuba anawathyolera nyumba dzuwa likuswa mtengo, kuwamenya ndi mpini m'mutu, kunyamula makina osokera. Bandeji mpaka pachipumi. Magalasi awo anasweka tsiku lomwelo.

Ayenda mpaka kumapeto. Abwerera. Aima pa ine. Ine kumwetulira, poti ndi kasitomala. Dzanja paphewa langa: "Ndi uyu. Ndevuzi sindingaziiwale."

Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere. Wandevu pamzere wonse ndinali ine ndekha.

Apolisi kuseka mpaka kugwira nthiti. Sajeni ati ndisade nkhawa, ine ndi wongodzazitsa mzere, pepala likunena choncho. Koma poti mboni yaloza pena, Wajekete alibe mlandu. Wamasulidwa ine ndisanafike pakati pa botolo langa. Pochoka wandigwira chanza ndi manja awiri.

Amayi aja anali akadali pageti, kudikira njinga. Anandiona ndikutuluka, botolo kukamwa. Nkhope yawo ikundibwererabe.

Loweruka, 8 Malichi

Loweruka, tsiku la mitu. Nthawi zonse benchi limadzaza, ena kudikira panja. Lero ntchentche zokha. Ndanola malumo onse, ndatsuka zipeso, ndasesa pansi popanda tsitsi.

Nkhani yayenda yokha, ndipo yanenepa m'njira. Kumsika akuti anandigwira makina ali pamutu. Kumpopi akuti apolisi ndinawagula, nanga suja Sajeni sachoka pampando wanga? Wina akuti setifiketi ija amapereka potuluka kundende.

Alendo anabwera dzulo. Anaona mitu yosalala, anajambula zithunzi, anapita okondwa.

Ndapempha wa mayunitsi, amene anaima nane phewa ndi phewa, kuti afotokozere anthu. "Za kupolisi ine ayi, a Lumo, ndili ndi ana." Nanga ine ndili ndi nkhuku?

Lamulungu, 9 Malichi

Kutchalitchi benchi lonse lathu, malo okwanira kugona. Abusa alalikira za kulapa, maso mbali yathu. Wosonkhetsa chopereka mbale sanandipatsire m'manja, anaigwira yekha mpaka ndinaponyamo.

Mwana sanadye. Kusukulu anzake anamufunsa ngati yunifolomu yake inasokedwa pa makina akuba. Wandifunsa: "Adadi, ngati simunabe, bwanji agogo aja analoza inuyo?" Ndafotokoza za mzere, za chitokosi, za ndevu. Wamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Ndiye munapitiranji?" Zimenezi zandiwawa kuposa za kumsika.

Mayi a mwana andiikira lumo patebulo, pambali pa kapu. Ndakana. Ndikameta lero, mawa anena kuti ndikubisa nkhope.

Lachiwiri, 11 Malichi

A Tcheya a gulu la chitetezo cha m'dera abwera kushopu, koma osati kudzameta. Gulu lomwe ndinayambitsa nawo, chaka chomwe boma linagawa mawenzulo ndi malaya onyezimira. Akufuna wenzulo yanga ndi malaya, ati mongoyembekezera. Aulemu, maso pansi. Komiti yagwirizananso kuti ndiziyang'aniridwa mwapadera. Mfundo imeneyi anaibweretsa ndani chaka chatha? Ine. Munthu akatuluka kupolisi mosadziwika bwino, dera limuike diso. Anandiwombera m'manja tsiku limenelo, ndinapita kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Ndiye ndili ndi alonda awiri. M'mawa pakamlatho ka ngalande pafupi ndi nyumba, masana moyang'anana ndi shopu. Chitetezo chotere ngakhale nduna ilibe. Mayi a mwana anawapatsa madzi akumwa, anakana.

Ndinapita kwa amayi osoka kuti tikambirane ngati anthu. Atangondiona pampanda anakuwa. Ndinabwerera chothamanga, alonda anga pambuyo. Sindikuwada amayiwo. Munthu anamenyedwa, analimba mtima, analoza. Wolozedwa uja n'kumuona akumwa zozizira pageti la polisi. Ndikanakhala ine ndikanaganiza chiyani?

Lachinayi, 13 Malichi

Kwa Sajeni. Ndikufuna kalata yonena kuti sindine wakuba. Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Ati boma silingatsuke munthu amene silinamudetse. "Mlandu mulibe, a Lumo. Tikuchotsereni chiyani?" Ndati ndiye bwerani mudzalankhule pamsonkhano wa dera. Ati za pamzere ndi zachinsinsi, kuteteza mboni.

Wanditumiza ku ofesi yothandiza ozunzidwa, chitseko chachiwiri. Mayi wa kumeneko wachifundo ndithu, anandipatsa mpando wa nkhata. Wafunsa dzina la wondizunza. Ndati dera lonse. Ati ndisankhepo mmodzi, apo ayi sangandithandize.

Pakhoma pawo chithunzi chachikulu: Osalanga nokha, bweretsani kwa ife. Pachithunzipo nzika zachitsanzo zikugwirana manja ndi apolisi. Wapakati ndi ine, ndevu zonse.

A landilodi a shopu akuti mwezi ukatha ndione kwina. Lendi sindinaphonyepo, nawonso akuvomereza. Akuopa moto.

Loweruka, 15 Malichi

Kasitomala. Woyamba sabata yonse. Ndinamva mpando ukulira ndili kuseri, ndinathamanga nsalu ili m'manja.

Wajekete.

Ndevu zayamba kale kudetsa chibwano. "Pafupi kwambiri achimwene, ngati tsiku lija. Dzanja lanu ndi lamwayi." Ndinaima kaye. Kunyumba sopo watha, shuga watha, mwana akufuna nsapato. Ndinamukulunga nsalu.

Khosi lake pansi pa lumo langa. Kamtsempha kakugunda. Iye maso otseka, kamluzu pansipansi. Zimene ndinaganiza sindilemba. Dzanja linagwira ntchito yake lokha, osamucheka ngakhale pang'ono. Zaka zonsezi sindinametepo munthu bwino chonchi.

Walipira, chenji wakana. Pakhomo watembenuka: "Mukamva wofuna makina osokera, otchipa, mundiuze." Kuseka, ulendo.

Ndinawoloka msewu thovu likadali m'manja. Sajeni ati ameneyo mzere unamuyeretsa kale, ndipo nthabwala si umboni. Komanso, pepani, mawu a munthu wolozedwa ndi mboni salemera kwenikweni. Ndati suja munati mlandu ndilibe? Ati inde mulibe, koma munalozedwa.

Alonda anga anaona zonse, ndipo pofika madzulo dera lonse linali litamva kuti mnzanga anabwera kudzagawana nane. Shuga ndagula.

Lolemba, 17 Malichi

M'mawa mwala pagalasi la shopu. Lang'aluka pakati. Setifiketi ili bwinobwino.

Masana foni yasowa kumsika. Mawenzulo. Kulira kwake ndikukudziwa, ndinaphunzitsa ndine: kufupikitsa, kufupikitsa, kutalikitsa, wakuba ali pafupi. Aimba bwino, mosaphonya. Kenako ndinamva kuti akubwera kuno. Anyamata ena ndinayamba kuwameta ali pamiyendo ya amayi awo, lero zibonga m'manja. Wina atakoleka tayala paphewa. Tayalalo ndaliona ndi maso angawa.

Ndinayang'ana tsidya la msewu. Galimoto ya polisi kulibe, yapita ku mwambo wokhazikitsa sabata ya chitetezo.

Foni inapezeka m'thumba la mwini wake anyamatawo asanafike pashopu. Anabwerera akuseka. Mmodzi mpaka anandikwezera dzanja.

Mwana ndamutumiza kwa azakhali ake. Mayi a mwana akana kupita. Sanalire, sanakalipe. Angoti, "Foni ina idzasowa." Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 18 Malichi

Njira yapezeka, ya Sajeni mwiniwake. Kuti boma linditsuke, liyambe landimanga. Atsegula fayilo, ine woganiziridwa, amayi aja abwerenso mawa pamzere watsopano. Mwana wawo wawagulira magalasi ena. Akapanda kundiloza, kalata ya chidindo, ndipo a Tcheya adzaiwerenga pamsonkhano. Akandiloza, kukhoti. "Koma sangakulozeni kawiri a Lumo, munthu wabwinobwino ngati inu."

Mayi a mwana akuti ndapenga. Mwina. Koma m'chitokosi tayala silifika.

Ndawoloka msewu ndi miyendo yanga, ndasaina ndekha. Lamba ndi zingwe za nsapato ndapereka. Kope ndi cholembera Sajeni wandisiyira, ati nzika yachitsanzo siilandidwa zonse. Mashini ndi malumo anandiuza ndibwere nazo, poti ndikhala konkuno. Ndameta mkulu wa polisi, apolisi a pakauntala, wophika, wosesa panja, anzanga a m'chitokosi. Mitu yambiri kuposa masabata awiri apitawa. Ulele.

Pomaliza ndapempha galasi kuti nanenso ndimete, mwa ndondomeko ija ya ukhondo. Zonena anthu tsopano zilibe kanthu. Akana, ndipo malumo atsekera mu kabati. Woganiziridwa ayenera kuoneka monga analili, kusintha nkhope ndi kusokoneza umboni. Lamuloli ndi latsopano. Ati alikhwimitsa chifukwa cha zimene zinachitika pamzere wina posachedwapa.

Lachitatu, 19 Malichi

M'mawa. Mayi a mwana abweretsa tiyi m'botolo ndi malaya oyera osita. Andiyang'ana chibwano nthawi yaitali. Za mneneri sanatchule.

Dzulo ndinapempha Sajeni kuti odzazitsa mzere akhale andevu ngati ine, lamulo limatero. Wazungulira msika wonse. Wabwera dazi lili thukuta lokhalokha: "Andevu kuno kulibe, a Lumo. Ambiri munawamaliza nokha, otsala aja anameta atamva zanu."

Anthu akukananso kuima. Chiyambire nkhani yanga, ukangoti mzere munthu amakumbukira kuti wasiya madzi pamoto. Sajeni wangotola amene wapezeka.

Ndikuwaona pakawindo, ali pakhonde. Apolisi awiri atavala zakunyumba, wophika, wosesa panja. Zibwano zonse ndazimeta ndine dzulo. Ndi nzika imodzi yodzipereka, yabwera yokha osaitanidwa, ati imakonda kuthandiza boma. Jekete lakuda. Ntchito yanga ya Loweruka sinafufutike.

Ndafunsa kuti nanga amayi aja akaloza iyeyo? Sajeni ati wongodzazitsa mzere alibe mlandu, pepala limanena choncho, inuyo mukudziwa bwino kuposa aliyense.

Amayi aja afika. Bandeji achotsa. Magalasi atsopano, akuluakulu. Akuwapukuta ndi kampango, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri.

Wajekete wandiona pawindo. Botolo lake walandiriratu. Wandikwezera.

Makiyi akulira pachitseko. Sajeni akuti ndisankhe ndekha poima, ndi ufulu wanga. Ndiime pati pomwe ndevuzi sizingaoneke?