Achimwene aphwetsa dziwe lanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ine kuno kwa Mlonyeni thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Esinati wachira, mwana wamkazi, mphumi ngati yanu. Chimanga tadzaza nkhokwe, fodya yekha ndiye anaphwanyidwa ndi matalala.

Tsono za dziwe lanu. Mukukumbuka makumba aja munakatapa ku Bua chaka chomwe tinavotera zipani zambiri, mtsinje utayamba kuda ndi matope a m'minda? Munkati, "Nsomba ya kwathu imadziwa madzi a kwathu." Achimwene a Lyson, mwana wanu woyamba, mawu amenewo anawaponda. Tisanamete n'komwe maliro anu, anabwera ndi anthu a pulojekiti ina, akuti nsomba zanu n'zachikale, sizikula. Ndinagwada, amayi. Ndinati, "Achimwene, kumbani lanu pambali, ili lisiyeni." Anandiyankha kuti zamakono mkazi sangazimve. Anaphwetsa dziwe, makumba anu n'kusanduka ndiwo za mudzi wonse, iwo n'kuthiramo mbewu yochokera kotentha.

Juni atafika ndi chisanu chake chija, ndinapeza nsomba zonse zikuyandama, mimba kumwamba. Fungo linakafika mpaka kutchalitchi.

Chandiwawa koposa ndi ichi. Sabata yatha kunabwera mayi wa ku yunivesite uja ankadula tizipsepse ta nsomba zanu, inu n'kumamuseka. Anabweretsa zimene anapeza. Akuti makumba anu anali atasintha m'magazi mwenimweni. Osapirira chisanu ndi matope ankafa asanaswane, opirira n'kumasiyira ana awo kulimba komweko, ndipo m'zaka zochepa chabe mtundu wonse unakhwima. Ankafuna atengeko mbewu akagawire alimi a kwa Dambe. Ndinapita naye kudziwe, ndinamuonetsa achule.

A Lyson anaima poteropo, chipewa m'manja, akuti sankadziwa. Sankadziwa chiyani? Ine sindinagwade? Mpaka lero moni sindiwapatsa, ndipo musandiuze zokhululuka, amayi, sindinafikepo.

Koma pali chimene sindinauze munthu. Tsiku lophwetsa lija, anthu akulimbirana zazikulu, ine ndinakokola tiana tingapo ndi chitenje, n'kukataya m'chitsime cha kudimba, kuseri kwa nzimbe. Ndinkaganiza kuti tinafa. Dzulo pothirira mpiru ndaona tikusambira, titakula ngati dzanja langa. Nsomba imodzi inatsegula kukamwa, tiana n'kutuluka mbwee, kenako n'kuthawiramonso. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo, ndinalira.

Ndimakukondani, amayi, ngakhale munandisiyira mlongo wosamva. Mvula isanagwe ndikhala nditakumba dziwe langa kudimba komweko, ndekha. Mayi wa ku yunivesite ndidzamuitana adzatenge mbewu. Achimwene akadzafuna, adzagwade nawonso.

Ndine mwana wanu,
Felesiya