Maboti a ku Marina

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwa Aluya ine ndi Tadala thupi lili bwino, koma mtima wanga ukuyaka moto.

Mukudziwa kuti chitsekereni kampani ya zomangamanga ankagwirako ntchito ija, bambo a Tadala akukhala pa viza yanga, ine ndikukhetsa thukuta kuchipatala. Madzulo aliwonse ankati, "Ndikamuonetse mwana maboti kudoko la Marina." Ine n'kumati ndinakwatiwa ndi munthu.

Lachiwiri tikudya, Tadala ananyamula kapu yake ya juwisi n'kuigunditsa pa yanga. "Anti Mercy amatero ndi adadi," anatero. Ndinamufunsa mwachifatse. Kani maboti akewo ndi bala ya pahotela, ija amalola ana kulowa madzulo, ati ndi ya mabanja. Mwana ankamukhazika pakona ndi tchipisi, iwo ali pa mowa ndi Mercy wakeyo, mkazi wa ku Lusaka wogwira ntchito m'ndege. Anthu ankangoyesa banja. Mwana wanga kumusandutsa chikopa!

Sindinalalate, achemwali. Ndinawaonjezera ndiwo. Viza yawo ikutha mwezi wamawa, ndipo dzulo anandifunsa monyengerera, "Habibi, wokondedwa wanga, mapepala a viza aja mwasaina?" Ndinati inshallah, Mulungu akalola. Sindisaina. Khalas, zatha basi.

Chonde muwauze amalume, monga ankhoswe, akhale okonzeka. Bambowo akadzatsika pa Chileka pasapezeke wowachingamira, adzakwere minibasi ndi chikwama chawo. Muzitipempherera, ndipo Mulungu akusungeni nonse.

Maboti azikawaonera ku Liwonde, okhaokha.

Ndine mng'ono wanu,
Chikondi