Petulo m'galimoto ya achimwene anu

Unit K, Chitungwiza

Okondedwa alamu a Muriel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheu kumeneko. Kuno tadzuka, kungoti madzi m'mipopi sakutuluka.

Ulendo wathu wobwera kumudzi uja walephereka chifukwa galimoto yafa. Lachiwiri achimwene anu anapita kukathira mafuta n'kuitanitsa petulo. Mayi wothira mafutayo anawafunsa kawiri, poti pachivundikiro analembapo kuti dizilo. Iwo anakalipa, amvekere, “Iwe, galimoto iyi ndinayamba kuyendetsa usanabadwe!” Basi mayiyo anathira. Galimoto inangoyenda pang'ono, n'kuyamba kufuka utsi, n'kuzima pamsewu wa ku Nyatsime. Tinachita kuikokera kunyumba. Makaniko wakhuthula thanki yonse, koma akuti pampu yawonongeka ndipo sakulonjeza kanthu.

Alamu, munthu woti wakalambira pachiwongolero! Nditawafunsa mofatsa, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti galimoto ya bwana wa ku famu imayendera petulo. Ku famu kuja tinachokako mwana wathu Shingai ali kumsana, lero Shingai ali ndi ana ake.

Ngakhale itakonzedwa, makiyi sindidzawapatsanso. M'mawa uliwonse amaipukuta galimoto yakufayo mpaka kuwala, kenako amandifunsa ngati malemu amayi anu abwerako kumunda. Ndimangoti sanabwere. Zina sindingathe kulemba.

Mupereke moni kwa onse. Paja munati mudzabwera pa Khirisimasi. Ngati n'kotheka musadikire Khirisimasiyo. Panopa dzina lanu akulitchulabe.

Ndine mlamu wanu,
Lisnet