Mbuzi Yatulukila pa Windo la a Conrad

Amake Lillian,

Mukabwela kumunda simundipeza. Ndalowa m'thengo kufuna mbuzi yathu yoyela ija tinapatsa mkamwini wanu, a Conrad.

Dzulo ndinawauza kuti galasi la kumbali la motoka yawo yothamangayo latha. Linali ndi mng'alu wochoka pamwamba mpaka pansi, pokwela linkalila ngati mwana wa galu, ndipo silinkatsekeka bwino, fumbi linkangolowa. Ndinati sinthani. Anandiseka, amvekele, "Bambo, iyi si ngolo, magalasi ake ndi ochokela kunja." Kenako anamatapo selotepi. Ophunzila amenewo!

Lelo mbuziyo yakanika kulowa kubuti, poti motoka yodula chonchi ilibe malo a katundu. Ndiye aikhazika pampando ngati bwana. Tisanafike pamseu wa ku Minga, ayamba liwilo lawo lija. Mbuzi yachita mantha, yagunda galasi kamodzi kokha, lonse phwaa! Yadumpha ndi chingwe chake. Ndiyenela kuipeza agalu a m'midzi asanaipeze.

Motoka abwela nayo, ili pansi pa mango. Tsekani windolo ndi thumba la feteleza, mvula ikubwela. Akadandaula kuti thumba likunyozetsa motoka, auzeni aimepo okha ndi ambulela.

Pepani, ndatenga chingwe chanu choyanikila zovala, zovalazo zili pamphasa. Nkhuku musawaphele. Mbuziyo ndikaipeza ibwelela m'khola, ndipo inu simunaione.

Ndine,
Pedro