Abambo Adzalowere Chitseko cha Galaja

Kelibia, mwezi wa Juni

Achimwene anga a Belgacem,

Mtendere ukhale nanu. Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu anga ndi wa ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Nanga amayi mawondo ali bwanji, akumafikako kuchitsime? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akutisunga. Amuna anga a Lotfi alinso bwino, nsomba zikugwidwa ndithu mwezi uno. Koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndalembera inu osati abambo. Kalatayi mukawerengere kumunda kapena kuseri kwa khola. Musaitsegule abambo ali pompo.

Akundilembera ndi mayi Naziha, mlendo wathu wa ku Kairouan. Takhala pa masitepe a kuseri. Ndawauza kuti alembe mmene ndikuyankhuliramu, asakonze kalikonse. Akuseka, ati sangandikanire poti ndi iwo amene akugona pa bedi langa. Zimenezi muzimvetsa, dikirani ndifikepo.

Sabata yatha kunadutsa Ammar, uja amanyamula nkhosa pa lole kupita nazo m'misika. Wandiuza kuti abambo akubwera kuno pa Idi ya nkhosa, iwo, amayi ndi azakhali a Hadda. Ati adzakhala mpaka masiku a Awusu, otentha aja amene amati madzi a m'nyanja amachiritsa, kuti amayi asambe m'nyanja mawondo aja apole. Ati nkhosa asankha kale, yamphongo ya mutu wakuda ija, akuidyetsa balere payokha. Ati alengeza kale kumzikiti ndi komwera khofi kuti chaka chino akukapuma kunyanja, kunyumba kwa asewere awo, ndipo anthu a kwathu ku Thala konse akudziwa. Ammar amanena akumwetulira, amayesa wandibweretsera nkhani yabwino. Ine ndinangomupatsa madzi.

Achimwene, nyumba ija munaiona paukwati wanga ilipodi. Chitseko cha buluu chija, zipinda zija, khonde loyang'ana kunyanja lija, palibe amene anakunamizani. Koma ife sitigonamo. Kuno nyumba ndiyo munda, ndi imene imatidyetsa. Anthu amabwera ndi mabanja awo kudzapuma, amalipira, ife timatuluka ndi matiresi athu, mapoto ndi chitofu, kukakhala m'galaja.

Ukwati wathu unagwa m'mwezi umene munalibe munthu, n'chifukwa chake inu simunaone. Ine ndemwe ndinagonamo pang'ono chabe. Sukulu zitangotsekera mu Disembala kunabwera banja la ku Tunis ndi ana awo osamva. Atachoka iwo kunabwera azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi, amene amasamba m'nyanja kukuzizira, kutulukamo ali psuu ngati nkhosa yosendedwa. Mu Malichi ana a sukulu aja abweranso. Ramadani tinalowamo pang'ono, tisanazolowere n'komwe kwabwera a ku Libiya ndi galimoto zawo zikuluzikulu. Pano muli a mayi Naziha mpaka Idi ithe, ndipo akadzatuluka iwo m'mawa, madzulo ake mukulowa a ku Aljeriya. Msewu wathu wonse ndi choncho. Ngakhale a imamu amagona m'galaja mwawo. Palibe amene amachita nazo manyazi, ndi ine ndekha ndinkalira poyamba.

Ndiye mukumbuka tsiku lotsazikana lija, apongozi anga a Jneina anagwira abambo dzanja n'kunena kuti nyumbayi ndi yanu, mubwere tsiku lililonse. Kuno mawu amenewo amauza aliyense, ngakhale wogulitsa gasi. Koma abambo anayankha kuti ndamva. Inu mukuidziwa ndamva ya abambo.

Ndipo mukudziwa zimene zinachitika ndi achemwali a Mahbouba. Apongozi awo anangowapatsira abambo tiyi pabwalo pafupi ndi khola, osawalowetsa m'nyumba. Abambo anamwa tiyi yense, anathokoza, kenako anati Mahbouba tenga mpango wako tizipita. Mpaka lero achemwali ali pakhomo, mwana wawo akukulira kwa eni. Ameneyo anali tiyi chabe. Nanga akadzagonekedwa mogona galimoto, anthu achilendo ali m'zipinda? Ine tulo sindikupeza. Ukwati wanga sunathe n'chaka chomwe, achimwene, ndipo a Lotfi sanandilakwire kanthu.

Nditawauza a Lotfi anayamba ndi kuseka, ati bola akubwera ndi nkhosa, tiwagoneka m'boti. Nditawafotokozera za achemwali kuseka kunatha. Anazungulira tauni yonse kufuna nyumba ina, koma Idi ndi nyengo yotentha zagundana chaka chino, ngakhale khola la nkhuku lili ndi mwini wake. Anapemphanso amuna awo a mayi Nazihawa kuti atisiyireko chipinda chimodzi. Anakana mwaulemu, ati iwo anagwira nyumbayi kuyambira nthawi yozizira, ndipo makolo awo nawonso akubwera ndi nkhosa yawo. Mayi Naziha akuti ndinene kuti iwo anayesetsa. Anayesetsadi, lembani.

Kenako a Lotfi anati nkhaniyi ukambe wekha ndi amayi. Amuna angawa panyanja mphepo saiopa, koma pamaso pa amayi awo amasanduka kansomba kouma.

Ndinawapeza apongozi pakhomo la galaja akupala nsomba. Ndinayamba mozungulira, iwo amvekere iwe mwana wa kuphiri, tanena, nsomba zikuwola. Ndinanena. Sanadzutse n'mutu womwe. Ati abwere, malo alipo, tikankha maukondewo. Ine ndati amayi, m'galaja? Ati inde m'galaja, bwanji, mafupa a abambo ako ndi agalasi?

Apa ndinalakwitsa kapena sindinalakwitse, sindikudziwa. Magazi anandikwera. Ndinati kwathu mlendo sagona kumene kumagona galimoto kapena mbuzi. Ndinati abambo anga amagona panja pachisanu kuti munthu wodutsa m'njira agone pamoto, ndipo akadzaona zimenezi adzati mwawanyoza, adzanditenga. Ndinayankhula mokweza moti mayi Naziha ati anamva ali kukhitchini.

Apongozi anaika mpeni pansi, anapukuta manja pang'onopang'ono. Ati tamvera, iwe wobwera dzulo. M'nyumbamo mumagona anthu amene sindidziwa agogo awo. Ndimawasekerera, ndimawapatsa kiyi, akachoka ndimakaona ngati masupuni onse alipo. Ati m'galaja muno ndi mmene anabadwira mwamuna wako, mwezi wa Ogasiti, alendo akuliza wailesi mkatimo. Muno ndi mmene anatsirizikira malemu amuna anga, mutu uli pamwendo panga. Muno salowa munthu wamba, ngakhale atalipira. Ndiye ukufuna abambo ako ndiwaike pamodzi ndi oonedwa masupuni? Ati nyumba ndi ya alendo, galaja ndi ya magazi, asankhe okha kuti iwo ndi ndani kwa ine.

Mayi Naziha akuti za masupunizo samazidziwa. Pepani mayi, koma lembani basi.

Ine ndinangochokapo. Mumtima ndinati awa ndi mawu okometsera chabe, munthu wa kunyanja pakamwa mpoterera, sakufuna kutaya alendo ake. Masiku angapo tinkangodutsana, moni yekha. Ndikawapatsa tiyi amalandira osandiyang'ana.

Dzulo m'mawa ndikuchokera kogula buledi ndapeza katundu yense wa m'galaja ali panja. Apongozi ali pamwamba pa mpando, mpango kumutu, akupaka laimu makoma, munthu wamkulu ngati uja. Ndati amayi mugwa, tsikani ndipake ine. Ati iwe umadziwa kupaka ndowe basi, gwira mpandowu. Matiresi awo a ubweya, a paukwati wawo aja amene salola munthu kukhalapo, awamasula, aitana bambo wowomba ubweya, ali pabwalo mpaka pano fumbi lili koboo. Agula katani yatsopano yoti azakhali akhale ndi mbali yawo. Ati iwo ndi ife tidzagona padenga lafulati la nyumba, m'galaja monse mudzakhala mwa anthu a ku Thala. Akonza ndi pomangirira nkhosa, pa mtengo wa mandimu.

Ndiye akupaka choncho osanditembenukira, akufunsa kuti abambo ako amadya nsomba kapena amaziopa ngati iwe? Amayi ako tiyi amafuna shuga wambiri? Ati pali malo ena kuseri kwa miyala kumene madzi ndi osaya ndipo amuna safikako, amayi ako ndidzawatengera ndekha kumeneko mamawa, ndidzawagwira mkono. Ine misozi inangotsika. Iwo ati usalirire mu laimu wanga.

Tsono apa ndi pamene ndasokonezeka, achimwene. Pokhala pansi pano ndinali nditakonza kuti ndikupempheni muwaletse abambo. Muwauze kuti ndadwala, kapena kuti kuno kwagwa matenda, chilichonse. Ndinayamba n'kuwauza mayi Naziha kuti alembe choncho, iwo angogwira cholembera m'mwamba akundiyang'ana. Ayi, zimenezo zisiyeni. Tikawaletsa chaka chino, adzabwera liti? Kuno mwezi wopanda alendo ndi wosowa. Bodza la chaka chino lidzafuna linzake chaka chamawa. Komanso amayi akhala akunena za nyanja kuyambira ndili mwana, sanaionepo, paukwati paja anatsala kumudzi ndi mawondo omwewo. Ndipo gogo uyu wapaka kale laimu, manja atupa. Ndikawauza kuti sakubweranso, ndiye kuti ndanyoza iwo. Uku moto, uku moto.

Pempho langa ndi ili, ndi limodzi lokha. Muwauze abambo zoona asananyamuke. Osati pagulu, osati azakhali ali pafupi, mukudziwa pakamwa pawo. Muwatengere kumunda. Muyambe ndi zoti kuno nyumba ndi munda, ndipo munthu sagona pa tirigu wake. Mawu amenewo angawamve, ndi mlimi. Kenako muwauze za a Lotfi kubadwira m'galaja ndi malemu kumwaliriramo. Muwauze za matiresi. Musathamange, muzinena pang'ono n'kusiya, iwo akatafune okha ngati mmene mumachitira pa nkhani ya malire ija. Akakwiya akwiyire kumeneko, kuli malo okwanira. Kuno msewu ndi wopapatiza, aliyense ali pawindo.

Ndipo inuyo mubwere nawo, musawasiye okha ndi amayi ndi azakhali. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yopuntha, koma ndikukupemphani. Mukadzatsika galimoto mudzatsogole inu. Miyendo ya abambo idzalunjika ku chitseko cha buluu, poti ndi chimene akuchidziwa. Akadzagogoda pamenepo adzatsegula munthu wachilendo wovala kabudula, thaulo paphewa, n'kuwafunsa kuti mukufuna ndani. Abambo ali ndi chingwe cha nkhosa m'manja. Zikadzatero basi, palibenso matiresi kapena laimu amene angakonze. Mudzawadutsitse, mudzakhote pa mtengo wa mandimu, pali chitseko chachitsulo chobiriwira. Ife tidzakhala titaima pamenepo, apongozi kutsogolo.

Mwina adzamvetsa. Abambo si munthu woipa, amangofuna kuti asaoneke wopepuka. Mwinanso adzalowa, adzayang'ana denga la malata lija, adzamwa tiyi yense, n'kuthokoza. Kuthokoza kumeneko ndiko ndikukuopa.

Pali china. Mayi Naziha, ichi lembani bwinobwino. Achimwene, ndikukuuzani inu nokha kuti mudziwiretu, musadzadzidzimuke tsikulo. Abambo akadzati Rebeh tenga mpango wako, ine sindidzautenga. Sindinawakanirepo kanthu chibadwire, sindikudziwa n'komwe ngati mawu adzatuluka, mwina ndidzangokhala pansi n'kugwira mwendo wa mpando. Koma sindidzakwera galimoto imeneyo. Ndikudziwa kuti zikatero ndiye kuti pakhomo pathu sindidzapondaponso iwo ali moyo. N'chifukwa chake ndikuti muwakonze kumunda, kuti ndisadzafike posankha.

Alamu anga muwauze kuti ubweya wofewa uja anasunga ayambe kuluka tinthu ting'onoting'ono, tidzafunika nthawi yokolola azitona. Iwo amva. Abambo musawauze kaye zimenezi, ndikufuna alowe m'galajamo chifukwa cha ine ndi a Lotfi, osati chifukwa chomangidwa manja.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwapsompsone pamutu, muwauze kuti madzi a kuno nthawi ya Awusu ndi ofunda, asaope. Moni kwa abambo, mungoti mwana wanu akupsompsona dzanja lanu. Moni kwa achemwali a Mahbouba, iwo kalatayi mukhoza kuwawerengera. Moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa azakhali, kwa amalume ndi a kunyumba kwawo. A Lotfi akupereka moni. Apongozi sakudziwa kuti ndikulemba, koma akanadziwa akanati mubweretse uchi.

Yankho mumupatsire Ammar akamabwera ndi nkhosa za Idi, ngakhale la pakamwa. Angonena kuti amva, kapena sanamve. Mulungu akusungeni.

Chachitsulo chobiriwira, achimwene, osati cha buluu.

Ndine mlongo wanu,
Rebeh