Mzere wa Zulmira

Lolemba, 6 Marichi 1995
Tsiku la katemera pachipatala chathu chaching'ono ku Ngauma, kuno ku Mozambique. Denga theka malata, theka udzu. Anamwino awiri, mizere iwiri. Wa Zulmira mpaka pamtengo wa mango. Wanga amayi ochepa, alendo osandidziwa. Mankhwala omwewo, masingano ndawiritsa ndine. Iye kuimba, kuseweretsa makanda, kufunsa za mbuzi za eni ake. Ine kubaya, wotsatira. Andipatsa dzina, ati Mayi Tsinya.

Lachinayi, 9 Marichi
Kwabwera shefi, bwana wathu wa ku Mandimba. Malo amodzi a maphunziro ku Cuamba, apatsa Zulmira. Kwa ine: "Ntchito mumaidziwa, Mayi Florência, koma anthu amatsata munthu." Akuti mzere ukafa, katemera amubweza ku Mandimba. Mtunda wonsewo wapansi, mwana kumsana, ndani adzapita?
Zandiwawa. Kuseka ndinakusiya kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, kumene ndinaika mwamuna wanga Stefano. Ndikakutenge kusekako?

Lolemba, 20 Marichi
Zulmira anapita. Ndayesa zake zija. Moni wautali, kunyumba kuli bwanji, chimanga bwanji. Mayi wina kundiyang'ana ngati ndalawa kachasu. Ndamwetulira khanda, lalira mpaka kutsamwa. Masaya akundipweteka.

Lolemba, 3 Epulo
Benchi mbee! Akuti amayi akuwoloka malire kukabayitsa ana ku Malawi. Tinabwera ndi mitolo pamutu kudzamanga kwathu, lero akubwerera komweko pothawa nkhope yanga. Ayisi wasungunuka m'bokosi, katemera ndataya. Chikuku chamveka ku Itepela.
Ntchitoyi ndimaikonda, Mulungu akudziwa. Kungoti chikondi changa sichifika pankhope.

Lachitatu, 5 Epulo
Shefi abwera Lolemba kudzaona mzere. Ndayenda m'makomo kupempha. Onse "tibwera, mayi", maso pansi.

Lamulungu, 9 Epulo
Ndinali kwa Regina, mwana wanga. Mdzukulu wanga Mose wakwana msinkhu wa katemera wa chikuku. Ndati mawa abwere naye, akhale woyamba, ena aone kuti sindiluma. Regina kumangokonzakonza chitenje. Kenaka: "Ndinapita naye kale kutsidya, amayi." Ndafunsa chifukwa. "Inenso ndimakuopani."
Mose anali pamiyendo panga, akuseweretsa chala changa. Ndamubweza kwa mayi ake.
Masingano a mawa ndawiritsa kale.