Nthambi za m'ndowa

Lachiwiri, 15 Julaye

Kuzizira koopsa. Bambo a m'nyumba chigonere kuchipinda chiwagwirireni sitiroko, mawu osatuluka. Koma tiyi lero amaliza. Zikomo Ambuye. Chala chawo tsiku ndi tsiku kuloza panja: akufunsa za chitsamba chawo cha maluwa chapakhonde. Chimachita maluwa kamodzi pa chaka, kuzizira kukangotha. Ndicho chokha akudikira.

Loweruka, 19 Julaye

Mayo ine! Pobwera kumsika, chitsamba chametedwa ngati mutu wa mwana wasukulu. Mpongozi wanga, sizasi m'manja, kumwetulira: "Ndakonzako Amayi, chinali nyankhalala." Osadziwa kuti maluwa amatuluka pa nthambi za chaka chatha. Eni ake amadulira maluwa akayoyoka, osati pano. Ndakalipa mpaka aneba kusuzumira. Sizasi ndazitsekera m'dirowa ya kuchipinda. Chaka chino duwa palibe.

Lamlungu, 20 Julaye

Chala chaloza. Ndanama kuti zonse zili bwino. Adokotala anati asakhumudwe, nanga nditani? Mpongozi akuyenda monyang'ama, maso pansi. Chonsecho ndi yemweyu amawatembenuza Bambo, kuchapa zofunda, osadandaula. Pakamwa pangapa!

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndowa yanga yobiriwira siikuoneka. Sindinafunse. Ndakalipa kokwanira chaka chino.

Bambo asiya kuloza. Akudziwa. Tiyi theka. Ndili ndi mantha.

Lachitatu, 20 Ogasiti

M'mawa mpongozi anagogoda, ndowa ija m'manja. Maluwa! Oyera mbee, nthambi zonse. Kani anatola zodula zija, kuziika m'madzi kuseri kwa khitchini, kukhoma lofunda, kumasintha madzi mobisa. "Ndimati mwina zimera mizu, Amayi." Mizu ayi ndithu. Koma maluwa atuluka, a pa chitsamba cha aneba asanayambe n'komwe.

Waika ndowa pambali pa bedi. Bambo, amene pakhonde sakanafika, anunkhiza, agwira, misozi chuchuchu. Inenso. Tiyi kapu yonse, ina kuwonjezera.

Ndati, "Mwanangu, undikhululukire." Iye kuseka uku akulira.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Chala chalozanso, koma kudirowa. Ndatulutsa sizasi. Azikankha pabulangete pang'onopang'ono ndi dzanja lawo labwinolo, kundidutsa ine, mpaka kwa mpongozi.

Ine zaka zonsezi sanandilolepo kudula ngakhale tsamba limodzi.